Kampata Kamene Kamadzutsa Injini

Kuno ku Luangwa, mwezi wa Okutobala ukafika, dimba losathiriridwa masiku awiri limafota. Pampu ikakana kulira nthawi yotereyi, thandizo limakhala kutali: kucokera ku Feira kukafika pa mlatho wa Luangwa ndi makilomita pafupifupi 90, ndipo ku Lusaka n'kutsogolo ndithu. Komatu kawirikawiri cimene cimakhala citavuta ndi kacipangizo kokwana m'dzanja, pulagi.

Injini iliyonse ya petulo, kaya ndi ya pampu, ya boti lowolotsa anthu kupita ku Zumbo, kapena ya motoka yakale, imadalira moto wa pulagi. Magetsi ocokera ku koyilo amalumpha kampata kamene kali kunsonga kwa pulagi, n'kuyatsa petulo wosakanizika ndi mpweya. Kampatako kakakula, magetsi amalephera kulumpha. Kakacepa, moto umatuluka wofooka.

Kampata aka sikayezedwa ndi maso. Gulani feeler gauge, tizitsulo topyapyala tolembedwa manambala. Injini ya Honda GX160, yomwe ili pa mapampu ambiri, imafuna mpata wa pakati pa mamilimita 0.7 ndi 0.8. Land Rover yakale ya petulo, ya injini ya malita 2.25 imene inayamba kupangidwa mu 1958, imafuna 0.75 mpaka 0.8. Pokonza mpata, pindani pang'onopang'ono kacitsulo kokhota ka m'mbali. Kapakati musakakhudze.

Mukamasula pulagi, yang'anani mtundu wa nsonga yake. Ikakhala yofiirira ngati dothi louma, injini ili bwino. Mwaye wakuda ukusonyeza kuti petulo wacuruka, ndipo kwathu kuno cifukwa cake nthawi zambiri ndi fumbi lotseka sefa ya mpweya. Kugula pulagi ina musanayeretse sefayo n'kutaya ndalama. Nsonga yonyowa ndi oilo ikunena za maringi otha, pamene yoyera mbee ikucenjeza kuti injini ikutentha mopitirira.

Motoka zakale zili ndi zina zofunika kuziona. Zimayendera njira imene Charles Kettering wa ku America anatulukira ca m'ma 1910, yogwiritsa nchito batire, koyilo ndi mapointi. Mapointi ndi tizitsulo tiwiri ta m'kati mwa disitiribyuta, timene timatseka ndi kutsegula kuti koyilo itulutse magetsi amphamvu. Pa Land Rover ija mpata wake ndi mamilimita 0.35 mpaka 0.4. Mapointi akamapsa msanga, kaikirani kondensa. Masilinda ake anayi amayaka motsatana motere: 1, 3, 4, 2. Conco cotsani waya mmodzi, malizani pulagi yake, bwezerani, kenaka pitani pa wina. Mawaya akasinthana, motoka imangophulika koma siyenda.

Gwirani nchito yonseyi injini itazizira. Pobwezera pulagi, yambani kumanga ndi zala mpaka itakhala, kenaka tengani sipanala. Ku pampu, pulagi yatsopano imafuna theka la kuzungulira kumodzi, yakale isapitirire kota. Mukakakamiza, mazinga a aluminiyamu amaphwanyika, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa mapulagi ambiri.

Cilimwe cisanafike pacimake, sungani pulagi yapadera ya nambala yofanana ndi imene ili pa injini yanu, pamodzi ndi sipanala ndi feeler gauge, m'kacitini kotseka bwino. Tsiku limene pampu idzakane kulira, tomato wanu adzamwa madzi dzuwa lisanalowe.