Kulondola Nyama Yosasiya Mapazi

Mlenje wakale ankadziŵa kumene nyama yaloŵera poona mapazi ake padothi, udzu umene yaponda ndiponso ndowe zimene yasiya. Luso limeneli likadalipo m'midzi ya ku Mwanza, makamaka kumwera kwa bomali, kufupi ndi nkhalango ya Majete. Koma alonda a nkhalangoyi ali ndi njira inanso masiku ano. Chiyambire 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira Majete, nyama zimene zinatha zakhala zikubwezedwamo: njovu kuyambira mu 2006 ndipo mikango mu 2012. Zina mwa nyamazi zimavekedwa lamba m'khosi, ndipo lambayo amatumiza uthenga kudzera pa setilaiti wonena pamene nyamayo ili.

Pamtunda ntchitoyi ndi yopepukirapo. Kumene imavuta kwenikweni ndi m'nyanja yamchere, momwe nyama sisiya phazi ngakhale limodzi. Mafunde a wailesi sadutsa m'madzi amchere. Motero kachipangizo komata pachigoba cha kamba wa m'nyanja kamalankhula pokhapokha kambayo akavuuka kudzapuma mpweya, ndipo kamamveka ngati setilaiti ikudutsa mlengalenga pa nthaŵi yomweyo.

Njira yakale kwambiri yomvera tizipangizoti ndi ya Argos, imene maiko a France ndi America anakhazikitsa mu 1978. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi njanji ya sitima ya malasha yochokera ku Moatize akudziŵa kuti kulira kwa sitimayo kumasintha ikamayandikira ndiponso ikapitirira. Setilaiti ya Argos imamva kusintha kotereku pa mau a kachipangizo, ndipo kuchokera pamenepo amaŵerengera pamene nyama inavuukira. Mauthenga akamveka bwino, kuphonya kwake sikufika mamita 250. Akamveka ochepa, malowo angaphonyedwe ndi makilomita angapo.

Nsomba zosavuuka kaŵirikaŵiri zimavekedwa kachipangizo kamtundu wina, kolemba kuŵala kwa dzuŵa, kuya kwa madzi ndi kutentha kwake. Tsiku loikika likakwana, kachipangizoko kamadzimasula, nkuyandama, nkutumiza zonse zimene kanasunga. Apa akatswiri amadalira dzuŵa. Dzuŵa limafika paliwombo ku Mulanje mphindi pafupifupi 10 lisanatero ku Mchinji, chifukwa Mulanje ali chakum'maŵa. Choncho nthaŵi ya masana enieni imasonyeza kutalika kwa ulendo cha kum'maŵa kapena kumadzulo, ndipo kutalika kwa usana kumasonyeza za kumpoto kapena kumwera. Komatu mitambo ndi madzi akuda zimasokoneza, ndipo kulakwitsa ndi mphindi 4 zokha kungasunthe nsombayo pamapu ndi makilomita pafupifupi 100. M'miyezi ya Malichi ndi Sepitembala, pamene usana ndi usiku zimalingana padziko lonse, za kumpoto ndi kumwera zimavuta koposa.

Tsono chimene katswiri amalandira si njira ya nyama ayi, koma timadontho tomwazikana, tina toona, tina tabodza, tokhala ndi mipata ya maola kapena masiku pakati pake. Kulumikiza timadonthoti ndi mzere popanda kuganiza ndiko kulemba ulendo umene nyama sinayendepo. Apa ndi pamene masamu amaloŵerapo.

Nzeru yake ingamveke ndi fanizo la lole ya manachesi. Loleyo yanyamuka pa Mwanza nthaŵi ya 7 koloko m'maŵa, ndipo yaoneka pa mlatho wa Zalewa 8 koloko. Munthu wina akuti anaiona pa Lisungwi nthaŵi ili hafu pasiti seveni, pamene wina akuti anaiona ku Nsanje nthaŵi yomweyo. Mwini katundu savutika kusankha mboni yoona, pakuti akudziŵa liŵiro la lole ndi kumene inkaloŵera. Ngakhale pasapezeke mboni ndi imodzi yomwe, iye angathe kunena kuti pa nthaŵiyo inali chapakati pa ulendo, nkuvomereza kuti mwina inali patsogolo kapena pambuyo pang'ono.

Pulogalamu ya pa kompyuta imachita zomwezi. Imayeza zinthu ziŵiri pamodzi: mmene nyama yamtundu umenewo imayendera, ndi mmene kachipangizo kamaphonyera. Kadontho kochokera ku uthenga womveka bwino kamakhulupiriridwa kwambiri, pamene kokayikitsa kamangomveredwa pang'ono. Maziko a masamuŵa anaikidwa ndi Rudolf Kalman mu 1960, ndipo anathandizanso kuongolera zombo za Apollo zopita kumwezi.

Akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa R, imene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anaiyamba pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand. Pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo wophunzira wa ku Zomba kapena ku Bunda angathe kuitenga pa intaneti pamalo otchedwa CRAN nkuiika m'kompyuta yake. Pambuyo pake amawonjezera timapulogalamu tolondolera nyama, monga crawl kapena aniMotum. Tina mwa timeneti timafuna kuti pa kompyuta ya Windows pakhale kaye zida zotchedwa Rtools, ndipo wolumpha sitepe imeneyi amaona ntchito ikukanika isanayambe.

Kenaka pamafunika ndandanda yolembedwa mosamala: nambala ya nyama, tsiku ndi nthaŵi, malo, ndi chizindikiro chosonyeza kudalirika kwa uthenga uliwonse. Nthaŵi ya setilaiti ndi ya ku Greenwich, imene ili maola 2 kumbuyo kwa nthaŵi ya ku Malaŵi. Woiŵala zimenezi angathe kunena kuti njovu inadya chimanga kukadali mdima, pamene inadya kutacha. Pomaliza pulogalamu imatulutsa njira ya nyama, ndipo pamalo paliponse imajambulapo bwalo losonyeza kukula kwa chikayiko. Bwalo likakhala laling'ono, malowo ndi odalirika. Likakhala lalikulu, katswiri woona mtima amanena kuti nyama inali penapake m'dera limeneli, osapitirira apo. Ayeneranso kuyang'ana mapu ndi maso ake, chifukwa masamu paokha angathe kuyendetsa kamba wa m'nyanja pamwamba pa phiri.

Phindu la ntchitoyi linaoneka ndi shaki yoyera yaikazi imene akatswiri anaitcha Nicole. Inavekedwa kachipangizo ku Gansbaai, ku South Africa, mu Novembala 2003. Patapita masiku 99 kachipangizoko kanayandama kumadzulo kwa Australia, mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000. Mu Ogasiti 2004 shakiyo inazindikirika ku Gansbaai konkuja chifukwa cha zipsera za pachipsepse chake. South Africa inali italetsa kupha shaki zoyera mu 1991, koma ulendo wa Nicole unasonyeza kuti lamulo la dziko limodzi silingateteze nyama yodutsa nyanja yonse.

Mwanza ali kutali ndi nyanja yamchere, koma masamu omweŵa ndi amene angathandize kuŵerenga malamba a njovu ndi mikango. Lamba wa pamtunda saphonya kwambiri, komabe salankhula mphindi iliyonse, ndipo zimene nyama inachita pakati pa uthenga wina ndi unzake zimadziŵika mwa kuyerekeza basi. Pa kuyerekeza kumeneku ndi pamene pamachokera zigamulo zokhudza anthu: mbali ya mpanda yofunika kulimbitsa, mudzi wofunika kuchenjeza, kapena dera la nyanja limene asodzi auzidwe kuti asaponyemo maukonde. Mzere wolakwika ungalande msodzi malo ake pachabe, kapena kusiya munda wa mlimi wopanda chitetezo.

Pa chifukwa chimenechi, mfumu, mlangizi kapena mlimi akaonetsedwa mapu a maulendo a nyama pamsonkhano, ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: nyama zovekedwa malamba ndi zingati, lamba amalankhula kangati patsiku, ndipo mzerewo ungaphonye ndi mtunda wotani. Katswiri wodziŵa ntchito yake amayankha onse atatu mosazengereza.