Chithunzi choulula pomwe ntchito ikutsamwa

Pali anthu amene amalipidwa chifukwa chojambula mabokosi ndi mivi. Zoseketsa eti? Anthuwa amatchedwa ma business analyst, ndipo mabanki, zipatala ndi mafakitale amawalemba ntchito kuti afufuze chomwe chikuchedwetsa zinthu. Lero ndikufuna ndikuonetseni mmene amachitira.

Luso limeneli linayamba kalekale. Frank Gilbreth wa ku America anali mmisiri womanga nyumba. Iye anaona kuti womanga amasuntha thupi maulendo 18 kuti aike njerwa imodzi: kuwerama, kutola, kutembenuza, ndi zina zotero. Atakonza thandala lokwezeka kuti njerwa zizikhala pafupi ndi dzanja, maulendowo anatsika kufika pa 5 kapena kucheperapo. Mu 1921, iye ndi mkazi wake Lillian, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, anaonetsa bungwe la mainjiniya la ASME njira yojambulira ntchito sitepe ndi sitepe.

Chithunzi chotere masiku ano timati flowchart. Chozungulira ngati dzira chimasonyeza poyambira ndi pothera. Bokosi ndi chochita chimodzi. Dayamondi, ngati wa pamakadi uja, ndi funso loyankhidwa kuti eya kapena ayi. Muvi umaloza chotsatira. Basi, zinayi zokhazo mwayamba kale.

Ndiye tiyeni tijambule chigayo. Dzira: mayi afika ndi thumba la chimanga. Bokosi: alipira. Dayamondi: chikonoledwe? Ngati ayi, muvi ulunjika kogaya, atenga mgaiwa wawo. Ngati eya, muvi uyamba wadzera kokonola, kenako kogaya.

Tsopano tiikepo nthawi zongoyerekeza. Kulipira mphindi 1, kukonola thumba mphindi 10, kugaya mphindi 4. Tinene kuti onse akufuna kukonola. Pa ola limodzi, makina ogaya akhoza kumaliza matumba 15, koma okonola amaliza 6 okha. Nanga pakhomo patuluka matumba angati? Ndi 6, chifukwa chogaya sichingagaye chimanga chomwe sichinachipeze. Sitepe yochedwetsa anzake imeneyi amaitcha bottleneck, poti madzi a m'botolo amatuluka molingana ndi kukula kwa khosi lake.

Apa ndi pomwe pagona ndalama. Mwini chigayo ataona mzere wautali n'kuthamangira kukagula makina ena ogaya, watayiratu ndalama zake, matumba akhalabe 6. Koma akawonjezera makina okonola, afika pa 12. Chithunzicho chikuululanso china: wofuna mgaiwa alibe chifukwa choimira kumbuyo kwa okonoletsa. Kungowapatsa mzere wawo, anthu apita kwawo msanga, mwiniyo osawononga ngakhale tambala.

Ntchito ikamadutsa m'manja mwa anthu ambiri, akatswiri amagawa pepala m'mizere ngati ya m'dziwe la mpikisano wosambira, aliyense mzere wake: kasitomala, wolandira ndalama, woyendetsa makina. Pomwe muvi ukuoloka kupita mzere wina, mpomwe zinthu zimakonda kuima kudikira munthu. M'makampani ambiri amajambula motsata BPMN, zizindikiro zogwirizanirana zomwe mtundu wake wa 2.0 unatuluka mu 2011, kuti bwana ndi wolemba mapulogalamu a kompyuta azimva chimodzi.

Chomwe ndimatsindika ndi ichi: jambulani ntchito mmene ikuchitikiradi, osati mmene bwana akuganizira kuti imachitikira. Imani pamenepo, funsani ogwira ntchitowo, yezani nthawi ndi wotchi. Mukamaliza m'pamene mujambule chithunzi chachiwiri cha mmene iyenera kukhalira.

Yesani sabata ino ndi mzere wolandirira chakudya, wobwerekera mabuku ku laibulale kapena wa pamjigo. Pabokosi lililonse lembani mphindi zake, ndipo mudzifunse kuti: litachoka limeneli, chingawonongeke n'chiyani? Bokosi lomwe mwasowa nalo yankho, liyambeni ndi lomwelo.