Kamaikulosikopu ka mkuwa kokwana m'thumba

Ambiri a ife selo ya anyezi tinaiona koyamba pa bolodi, aphunzitsi ataijambula ndi choko. Kusekondale komwe ndinaphunzira maikulosikopu inalipo ndithu, koma inkakhala m'kabati yokhoma, ndipo tsiku lomwe inatulutsidwa aliyense anangosuzumiramo kamphindi, mnzake ali kale pamsana kudikira. Kuyambira pamenepo ndinkaganiza kuti chipangizochi ndi cholemera, chodula, chosayenera kutuluka mu labu. Ndadabwa chaka chino kupeza kuti zaka zoposa 200 zapitazo anthu ku Ulaya ankayenda nacho m'thumba la jekete, n'kumachisonkhanitsa m'mbali mwa dziwe kapena m'sitima ya panyanja.

Tiyambire ku Delft, m'dziko la Netherlands. Kumeneko kunali wogulitsa nsalu, Antonie van Leeuwenhoek, yemwe anabadwa mu 1632 n'kumwalira mu 1723. Maikulosikopu yake inali timapale tiwiri ta mkuwa kapena siliva, totalika masentimita pafupifupi 5, ndipo pakati pake ankatsekerapo kagalasi kamodzi kochepa ngati mutu wa phini. Chinthu chofuna kuonedwa ankachibaya pa kasingano, n'kumachisendeza ndi timasikuluwu kufikira chitaoneka bwino. Ankagwirizira chipangizocho pafupi kwambiri ndi diso, atayang'ana kowala. Ndi kanthu kameneka anaona tizilombo tosaoneka ndi maso m'madzi, ndipo mu 1676 analembera kalata bungwe la Royal Society ku London kufotokoza zimenezi. Galasi lake lamphamvu kwambiri mwa omwe alipobe limakulitsa chinthu nthawi zoposa 260.

Kodi kagalasi kamodzi kangachite bwanji zimenezi? Chinsinsi chili pa kupindika kwake. Galasi likakhala laling'ono ndi lobulungira kwambiri limakhotetsa kuwala mwamphamvu, choncho chinthu chimaoneka bwino chikayandikira kwambiri galasilo. Diso la munthu limaona bwino chinthu chomwe chili pa mtunda wa mamilimita 250. Mukagawa 250 ndi mtunda womwe galasi limasonkhanitsira kuwala, mupeza pafupifupi mphamvu yake. Galasi losonkhanitsa kuwala pa mamilimita 25 limakulitsa kakhumi, pomwe la milimita imodzi limakulitsa nthawi 250. Vuto lake ndi lakuti kagalasi kotero kamalowetsa kuwala kochepa ndipo diso limatopa msanga. Maikulosikopu ya magalasi awiri kapena atatu inalipo kale, monga yomwe Robert Hooke anagwiritsa ntchito polemba buku lake la Micrographia mu 1665, koma inkaonetsa zinthu zitazunguliridwa ndi mitundu ngati ya utawaleza, m'mphepete muli mbuu. N'chifukwa chake kwa zaka zoposa zana akatswiri ambiri a zomera ndi tizilombo ankakhulupirira kagalasi kamodzi.

Amisiri a ku London ndiwo anasandutsa nzeruyi kukhala malonda. Mu 1702 James Wilson anafalitsa kamaikulosikopu kooneka ngati kamgolo ka mazinga, komwe ukamapotoza, chinthu chimayandikira kapena kutalikira galasi. M'zaka za m'ma 1750 mmisiri John Cuff anapangira John Ellis chipangizo choonera zamoyo za m'madzi, chokhala ndi kambale ka galasi koikamo madzi a m'nyanja. Dokotala wa ku Birmingham, William Withering, anafotokoza mu 1776 kamaikulosikopu ka anthu ofufuza maluwa m'tchire. Ndipo m'zaka za m'ma 1820 Charles Gould anakonza mtundu womwe unkagulitsidwa m'sitolo ya William Cary: zonse zinkagona m'kabokosi ka mahogany, mtengo wa banja limodzi ndi mbawa, ndipo kamzati ka mkuwa kankamangidwa pa bokosi lomwelo kuti likhale tsinde lake.

Mkuwa womwe tikunenawu ndi wachikasu uja, wosakaniza kopa ndi zinki. Ankaukonda chifukwa umasemeka bwino, mazinga ake amatuluka osalala, komanso suchita dzimbiri ngati chitsulo. Pamwamba ankaupaka vanishi wopyapyala kuti usade.

Koma chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi tinthu tina tomwe tinkagona m'kabokosimo, chifukwa kalikonse kankayankha vuto lenileni. Munali timagalasi tingapo ta mphamvu zosiyana, tolembedwa manambala, kuti uyambe ndi kofooka usanafike pa kamphamvu. Munali kakalilole kozungulira kotapa kuwala kwa pawindo kapena kwa kandulo n'kukuponya pansi pa chinthu. Izi zimathandiza pa chinthu chopyapyala monga phiko la ntchentche, nanga njere kapena mutu wa chiwala, zomwe kuwala sikudutsa? Apa ndi pomwe pankagwira ntchito kakapu kowala ngati siliva kozungulira galasi, komwe kankabweza kuwala kuti kugwere pamwamba pa chinthucho. Kakapuka kamadziwika ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Johann Nathanael Lieberkühn. Munalinso timbaniro togwirira mwendo wa nthata, ndi kachitseko ka magalasi awiri kotsekeramo kachilombo kamoyo kapena dontho la madzi a padziwe popanda kuphwanya zomwe zili m'katimo. M'mabokosi okulirapo munkakhala kambale ka mkuwa komangirirapo kansomba kamoyo, mchira wake uli pansi pa galasi, kuti munthu aone magazi akuyenda m'timitsempha. Nsomba inkavutika, inde, koma woonayo ankadzionera yekha chinthu chomwe ife timangoloweza.

Zinthu zokonzeratu sizinkaikidwa pa galasi ngati lero. Zinkakhala m'timizere ta mnyanga wa njovu kapena fupa, tokhala ndi mabowo angapo. M'bowo lililonse nsabwe, tsitsi kapena mamba a gulugufe ankazipanikiza pakati pa timapale tiwiri ta mwala woonekera wa mica, n'kutsekera ndi kamphete ka mkuwa. Timapale ndi timphete tapadera tinali ndi kabokosi kake. Galasi la mainchesi atatu m'litali ndi inchi imodzi m'lifupi, lomwe timagwira mu labu, linakhazikitsidwa ndi bungwe la Microscopical Society of London cha m'ma 1840. Mnyanga uja lero ndi mtolo kwa ogulitsa zakale, pakuti kuyambira mu 2022 lamulo la ku Britain limaletsa malonda a zinthu za mnyanga wa njovu kupatula zochepa zolembetsedwa. Osunga zipangizozi amachenjezanso kuti munthu asazikweche kuti ziwale, chifukwa vanishi woyambirira akachoka mtengo wake umatsika.

Wina angati tinali zidole za anthu olemera. Zina zinalidi choncho, zosangalatsira alendo madzulo. Komabe taonani zomwe Robert Brown, katswiri wa zomera wa ku Scotland, anachita ndi kagalasi kamodzi. Mu 1827 anaika mungu wa duwa m'madzi, naona timadontho tochokera m'munguwo tikunjenjemera osaleka. Poganiza kuti mwina ndi moyo, anayesa fumbi la galasi ndi la miyala, ngakhale kachidutswa ka chosema cha Sphinx cha ku Egypt, ndipo zonse zinanjenjemera chimodzimodzi. Kunjenjemeraku ndi komwe timaphunzira mu Fizikisi ndi dzina la Brown, ndipo Albert Einstein anadzakufotokoza mu 1905 kuti kumabwera chifukwa mamolekyu a madzi amagunda timadonthoto. Mu 1831 Brown yemweyo anafotokoza ndi kutcha dzina nyukiliyasi ya selo ya chomera. M'chaka chomwecho Charles Darwin ananyamuka pa sitima ya Beagle ndi maikulosikopu ya galasi limodzi yopangidwa ndi mmisiri Bancks, atalangizidwa ndi Brown.

Nthawi ya kagalasi kamodzi inayamba kutha mu 1830, pomwe Joseph Jackson Lister anaonetsa momwe magalasi angaphatikizidwire kuti chithunzi chituluke choyera. Koma nzeru yake sinafe. Mu 2014 Manu Prakash ndi Jim Cybulski a ku yunivesite ya Stanford anafalitsa Foldscope, maikulosikopu yopinda ya pepala yokhala ndi kagalasi kamodzi kobulungira, yokulitsa nthawi 140.

Ndikapita kokaphunzitsa koyeserera ndikufuna kukayesa njira yakale kuposa imeneyi, yomwe Stephen Gray wa ku England anafotokoza mu 1696. Boolani kabowo kakang'ono kosalala pa kachitsulo kopyapyala, monga chodula pa chitini, ndipo mudonthezepo dontho limodzi la madzi ndi nsonga ya singano. Dontholo limatumbika n'kukhala galasi. Liyandikizeni ku diso, pansi pake muike khungu lopyapyala la anyezi, tochi ikuunika kuchokera pansi. Dontho likachepa mphamvu imakula, koma limaumanso msanga, choncho khalani ndi kapu ya madzi pafupi.