Kodi Mazunzo a pa Ubwana Angadzetse Nthenda ya Kutopa?

Anzanga, kutopa tonsefe tikudziwa. Munthu akalima tsiku lonse kapena akasewera mpira amatopa, koma akadya nagona, m'mawa amadzuka ali ndi mphamvu. Tsono ilipo nthenda ina imene kutopa kwake sikutha ndi tulo. M'Chingerezi amaitcha chronic fatigue syndrome, ena amangoti ME. Ndifuna kufotokoza pang'ono za nthendayi, makamaka funso limene madotolo akhala akufunsana: kodi imakonda kugwira anthu amene anazunzika ali ana?

Poyamba tione maonekedwe ake. Wodwala amakhala wolefuka miyezi 6 kapena kuposa apo. Amadzuka ngati sanagone, amaiwalaiwala, ndipo ena amamva chizungulire akaimirira. Chizindikiro chachikulu n'chakuti akagwira kantchito kochepa, monga kusamba kapena kuwerenga, mawa lake amadwala koposa, mwina masiku angapo. Kupima magazi sikuionetsa, kotero dotolo amayamba wafufuza nthenda zina zotopetsa, monga malungo, likodzo, shuga ndi kuchepa kwa magazi.

Nthendayi si yachilendo. M'chaka cha 1955 antchito pafupifupi 300 a pa chipatala cha Royal Free ku London, ambiri a iwo anamwino, anadwala motere mpaka chipatala chinatsekedwa miyezi iwiri ndi masiku. Mu 1969 bungwe la World Health Organization linaiika m'gulu la nthenda za ubongo ndi mitsempha, ndipo dzina lakuti chronic fatigue syndrome linabadwa ku America mu 1988.

Nanga za ubwana zinabwera bwanji? Mayi wina wophunzira kwambiri, Christine Heim, amene panthawiyo anali pa Emory University, pamodzi ndi anzake, anafunsa anthu a mu mzinda wa Wichita za ubwana wawo: odwala 43 ndi athanzi 60. Anawafunsa ngati anamenyedwa mwankhanza, kutukwanidwa, kugwiriridwa kapena kusiyidwa opanda chisamaliro. Zotsatira zake zinatuluka mu 2006, ndipo zinaonetsa kuti odwala ndiwo anatchula mazunzo ambiri kuposa athanzi. Mu 2009 anabwereza ku Georgia ndi odwala 113 ndi athanzi 124, napeza kuti kwa wozunzika pa ubwana ngozi ya kudwala inali yaikulu kasanu ndi kamodzi.

Anapezanso chinthu china m'thupi. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri totulutsa cortisol, amene amathandiza thupi kulimbana ndi zovuta. Munthu akachita mantha, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwaloti kuti titulutse wambiri. Cortisol amakweranso m'mawa munthu akangodzuka. Popima malovu, anapeza kuti odwala amene anazunzika ali ana anali ndi cortisol wochepa m'mawa, pamene odwala amene sanazunzike anali ngati athanzi. Ganizo lawo linali lakuti mwana wokhala mwamantha chaka ndi chaka, thupi lake limazolowera molakwika, ndipo akakula silichira bwino likakumana ndi vuto lina.

Komatu tisathamangire kunena kuti mazunzo ndiwo amayambitsa nthendayi. Choyamba, anthu aja anafunsidwa atakula ndiponso atadwala kale, ndipo munthu wodwala akhoza kukumbukira zowawa msanga kuposa wathanzi. Chachiwiri, akatswiri ena anatsutsa kuti njira yosankhira odwala inali yotakata, kotero kuti mwina inalowetsamo anthu ovutika ndi nthenda ya kukhumudwa, imene ili nthenda ina. Chachitatu, odwala ambiri anakula bwino m'manja mwa makolo achikondi, ndipo ana ambiri ozunzika sadwala nthendayi. Kwa ambiri imayamba atadwala ndi kachilombo, monga ka Epstein-Barr, ndipo kuyambira 2020 ena aipeza atadwala COVID-19.

Tiyerekeze ndi nyumba. Chiswe chikadya mizati, mphepo yochepa ikhoza kuigwetsa. Koma namondwe amagwetsa ngakhale nyumba ya mizati yolimba. Wopeza nyumba ili pansi sayenera kunena kuti ndi chiswe asanaone mizati. Momwemonso mazunzo akhoza kufooketsa thupi la ena, koma si chifukwa chokhacho.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, pakuti odwala avutika zaka zambiri ndi kunenedwa kuti ndi aulesi kapena kuti nthenda yawo ndi ya maganizo chabe. Mu 2015 bungwe la Institute of Medicine ku America linanena poyera kuti iyi ndi nthenda yeniyeni ya thupi, ndipo yoopsa. Mu 2021 bungwe la NICE ku Britain linachotsa langizo lakale lokakamiza odwala kuonjezera masewera olimbitsa thupi pang'onopang'ono, popeza ambiri ankadwala nalo koposa. Langizo la tsopano n'lakuti wodwala adziwe malire a mphamvu zake ndipo apume asanawapyole. Mankhwala ochiziratu sanapezeke.

Tsono ife a pa sukulu tiphunzirepo ziwiri. Mnzathu akamalefuka nthawi yaitali, tisamseke kuti akuthawa ntchito, koma timperekeze kuchipatala akapimidwe. Ndiponso ife akuluakulu a m'makalasi apamwamba tiganize bwino tisanaopseze kapena kumenya aang'ono ongofika kumene. Ngakhale funso la nthendayi lidakali m'manja mwa madotolo, iwo amavomerezana kuti nkhanza kwa mwana zimawononga thanzi lake la m'tsogolo. Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Ndipo ngati alipo pakati pathu amene anakumana ndi zowawa zotere, asazisunge yekha. Auze mphunzitsi kapena wamkulu amene amamkhulupirira.

Wophunzira wa Fomu 4