Chinsinsi cha wodwala pa Nkhata Bay

Bwanji nkhaniyi ili yovuta kuno?

Nkhata Bay ndi tauni yaing'ono. Namwino amene wakupimani m'mawa kuchipatala chachikulu ku Mkondezi mukhoza kukumana naye madzulo pamsika akugula usipa, mwinanso mumapemphera mpingo umodzi. Pamalo otere nkhani ikangotuluka m'chipinda chopimira, sitima ya Ilala ikamanyamuka padoko nkhaniyo nayonso yakwera, ulendo wa ku Usisya kapena ku Likoma. Munthu woopa kuti matenda ake amveka sabwera kudzayezetsa. Wina amakatengera ma ARV kutali kumene sadziwika, ndipo ndalama yoyendera ikasowa, amadumphitsa mankhwala.

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limapatsa aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wachipatala kuulula zotsatira za magazi mwini wake asanalole, komanso limalola mwana wa zaka 13 kuyezetsa popanda kudikira kholo. Mu 2024 munabweranso lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makompyuta ndi m'mafaelo.

Kodi chinsinsi chimathawira pati?

Nthawi zambiri si m'mafaelo ayi. Choyamba ndi buku la kuchipatala lija: amasunga ndi wodwala yemwe, ndiye likasiyidwa pawindo kunyumba, mlamu kapena mwana wasukulu amaliwerenga mosavuta. Kenaka pali owadikirira odwala. Popanda iwo wodwala sangasambe kapena kudya bwino, koma kudikirira sikupereka ufulu womva zonse. Dokotala ayenera kufunsa kaye wodwalayo ngati akufuna kuti m'bale wake akhalepo. Chilankhulo nachonso chimavutitsa. Agogo odziwa Chitonga chokha akakumana ndi wachipatala wochokera chigawo china, womasulira amakhala mdzukulu, ndipo pali zinthu zomwe agogo sanganene pamaso pa mdzukulu wawo. Muwonjezere mzere wodziwika kuti ndi wa matenda akutiakuti, katani yosatseka bwino, ndi chithunzi choponyedwa pa WhatsApp.

Pomwe chinsinsi chimathera

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mtsikana wa zaka 14 akabwera ndi zizindikiro zoti wagwiriridwa, wachipatala sangakhale chete, ngakhale achibale atapempha kuti nkhaniyo ikathere kwa amfumu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limamukakamiza kudziwitsa apolisi kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo kuyambira 2017 aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Komabe kunena kwake kuli ndi malire: amva ndi okhawo ofunika kumuthandiza mwanayo, monga nthambi ya Victim Support Unit ku polisi, osati ogwira nawo ntchito muwodi pa nthawi ya tiyi. Changu n'chofunikanso, poti mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Mwana kapena woyandikana naye nyumba akhoza kuimba 116 kwaulere.

Kokadandaula

Chinsinsi chanu chikaululika, yambirani kwa ombudsman wa pachipatalapo. Zikakanika, madandaulo okhudza madokotala amapita ku Medical Council of Malawi, ndipo okhudza anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Pitani mutalemba tsiku, wodi, ndi zomwe zinanenedwa.