Wiski wa ku Springbank

Fakitale ya Springbank, yomwe idakhazikitsidwa mu 1828 m'tauni ya Campbeltown ku Scotland, imatcheza wiski wa single malt, kutanthauza wochokera ku chimera cha barele yekha ndiponso wotchezedwera pamalo amodzi. Pomwe mafakitale ambiri amangogula chimera, antchito a pa fakitaleyi amanyika okha barele, namuyala pansi ndi kumamutembenuza ndi mafosholo mpaka atamera, ntchito yotopetsa imene ena adaisiya kalekale. Chimera cha wiski wa fakitaleyi wotchedwa Longrow amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe limayaka likauma, n'chifukwa chake fungo lake ndi lamphamvu zedi, koma wiski wina wa fakitaleyi wotchedwa Hazelburn, wotchezedwa katatu, alibe utsi ngakhale pang'ono.