Namwino woyamba ntchito ali woyembekezera ali ndi chitetezo cha malamulo

LILONGWE - Namwino amene walandira kalata ya ntchito ali ndi pathupi, kaya watumizidwa ku chipatala cha Kawale, Area 25 kapena Bwaila, sayenera kubisa za pathupipo poopa kuti ntchito imuthera, chifukwa malamulo a dziko lino amamuteteza.

Gawo 47 la lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi aliyense wapantchito tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo amalandira malipiro ake onse. M'boma tchuthichi chimafika masiku 90. Mayiyo akachira amabwerera pa udindo wake womwewo.

Lamuloli likuti kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu, ndipo wolemba ntchito ndiye ayenera kupereka umboni woti chifukwa chake chinali china. Wolakwiridwa akhoza kukadandaula ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake kapena ku bwalo la milandu la Industrial Relations Court.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inawonjezera mfundo zina. Mayi wobwerera ku ntchito amapatsidwa mphindi 30 kawiri pa tsiku zoyamwitsira mwana kwa miyezi isanu ndi umodzi chibadwire mwanayo, pomwe bambo amapatsidwa tchuthi cha masabata awiri.

Komabe ufuluwu umapindula ngati namwinoyo wadziwitsa msanga mkulu wa anamwino, makamaka polemba kalata. Ntchito ya unamwino ili ndi ziopsezo zake kwa mayi woyembekezera, monga kunyamula odwala, kuimirira nthawi yaitali, kuchezera usiku, kuyandikira makina a X-ray komanso kusamalira odwala chifuwa chachikulu. Mkuluyo akadziwa nthawi ilipo, amasintha ndandanda wa ntchito ndi kupeza wogwirizira, zomwe n'zofunika m'zipatala zotanganidwa zomwe zimathandiza anthu a ku Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Mgona.

Namwinoyo asaiwalenso sikelo yake. Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza amayi oyembekezera kuonana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, kuyambira m'miyezi itatu yoyambirira.

Choncho akuluakulu olemba ndi kuyang'anira antchito akuyenera kufotokozera anamwino atsopano za ufuluwu tsiku lomwe akuwalandira, kuti mantha asaike pachiswe moyo wa mayi ndi mwana.